Malungo, Magazi ndi Masamu: Chifukwa Chake Matenda a Sickle Cell Satha

Pali matenda ena amene mwana amabadwa nawo, ochokera m'magazi a makolo ake. Amodzi mwa matenda otere ndi amene achipatala amawatcha sickle cell. Mwana wa matendawa amaoneka wathanzi pobadwa, koma akafika miyezi 5 kapena 6 amayamba kutupa zala za kumanja ndi za kumapazi, kulira usiku chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa, kuyera m'zikhatho chifukwa cha kuchepa kwa magazi, ndiponso kuoneka chikasu m'maso. Kale, chithandizo chisanapezeke, ana ambiri otere ankamwalira asanakwanitse zaka 5.

Pamenepa pali funso limene lidazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zambiri. Chinthu chotengera kumtundu chimapitirira pokhapokha eni ake akakula ndi kubereka ana. Tsono ngati odwala sickle cell ankamwalira asanafike pa msinkhu wokwatira, nanga bwanji matendawo sadathe okha kalekale? Mpaka lero, chaka chilichonse pa dziko lonse lapansi pamabadwa ana oposa 300,000 a matendawa, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira mu Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Yankho la funsoli lidapezeka mothandizidwa ndi masamu, ndipo masamuwo ndi osavuta: aliyense wodziwa kuwerenga nyemba m'lichero angathe kuwatsata.

Zimene zimachitika m'magazi

M'magazi muli tinthu tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo ofiira. M'kati mwa maselowo muli himogulobini, amene ntchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo ku ziwalo zonse za thupi. Selo lofiira labwino ndi lobulungira ndiponso lofewa, motero limadutsa mosavuta m'timitsempha topapatiza, ndipo limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120.

Mwa munthu wodwala sickle cell, himogulobini ndi wa mtundu wina. Mpweya ukachepa m'magazi, selo limauma ndi kupindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo dzina la matendawa m'Chingerezi likutanthauza zenga lomwelo. Maselo opindikawo amatseka timitsempha, n'chifukwa chake wodwala amamva ululu waukulu m'mafupa, m'mimba ndi m'chifuwa. Amafanso msanga, pakangotha masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake magazi amachepa. Dotolo woyamba kulemba za maselo opindikawa adali James Herrick wa ku Chicago, m'chaka cha 1910.

Mbewu ziwiri: ina kwa bambo, ina kwa mayi

Mwana amatengera makolo ake kudzera m'timalangizo tobisika m'maselo, timene m'Chingerezi amati ma gene. M'nkhani ino titchedwa mbewu za chibadwa. Amene adatulukira malamulo a katengedwe kake adali Gregor Mendel, wansembe wa mu mzinda wa Brno, amene adakhala zaka zingapo akukwatitsa mitundu ya nsawawa m'dimba ndi kuwerenga zotuluka zake. Zimene adapeza zidasindikizidwa m'chaka cha 1866. Iye adaona kuti pa chikhalidwe chilichonse, cholengedwa chimakhala ndi mbewu ziwiri, ina yochokera kwa bambo ndi ina kwa mayi, ndipo pobereka chimapatsira mwana imodzi yokha mwa ziwirizo.

Mbewu yopanga himogulobini wabwino imalembedwa ndi chilembo A, ndipo yopanga himogulobini wopindika imalembedwa ndi S. Motero pali magulu atatu a anthu. Wolandira A kwa makolo onse awiri ndi AA, ndipo alibe matendawa. Wolandira A kwa kholo limodzi ndi S kwa linalo ndi AS. Iyeyu sadwala sickle cell, amalima ndi kugwira ntchito monga wina aliyense, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi S. Wolandira S kwa makolo onse awiri ndi SS, ndipo ameneyu ndiye wodwala. M'chaka cha 1949 madotolo awiri, aliyense payekha, adatsimikiza kuti sickle cell imatsata lamulo limeneli. Wina adali James Neel wa ku America, wina E. A. Beet amene ankagwira ntchito ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia.

Bambo wa AS akakwatira mayi wa AS, pali njira zinayi zimene mbewu zawo zingakumanire. Njira imodzi imabala AA, njira ziwiri zimabala AS, ndipo njira imodzi imabala SS. Choncho pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi matendawa. Izi sizitanthauza kuti mwa ana anayi a banja limodzi wodwala adzakhala mmodzi basi. Mimba iliyonse imayamba payokha, monga munthu akaponya m'mwamba ndalama yachitsulo: kugwa kwa lero sikukumbukira kugwa kwa dzulo. Banja lina lingakhale ndi ana 6 opanda wodwala, pamene lina lingakhale ndi odwala awiri otsatizana. Ndipo popeza mwana wa SS walandira S kuchokera mbali zonse ziwiri, akuchimuna alibe chifukwa cholozera chala akuchikazi, ngakhale akuchikazi kulozera chala akuchimuna.

Kuwerenga nyemba m'lichero

Malamulo a Mendel amanena za banja limodzi. Kuti munthu adziwe zochitika m'mudzi wonse kapena mu mtundu wonse wa anthu, pafunika masamu ena. Masamuwo adawapeza m'chaka cha 1908 anthu awiri osadziwana: G. H. Hardy, katswiri wa masamu wa ku Cambridge, ndi Wilhelm Weinberg, dotolo wa ku Stuttgart.

Ganizo lawo limamveka bwino ndi fanizo la nyemba. M'lichero muthiridwe nyemba 100, zoyera 90 zoimira A ndi zofiira 10 zoimira S. Licherolo likuimira mbewu zonse za anthu akuluakulu a m'dera lina, kumene mbewu imodzi mwa 10 zilizonse ndi S. Kubadwa kwa mwana kuli ngati kutsinzina n'kutola nyemba imodzi ya bambo, kuibwezera, n'kutolanso ina ya mayi. Mpata wotola yofiira ndi umodzi mwa 10, ndipo wotola yofiira kawiri ndi umodzi mwa 10 kuchulukitsa 10, ndiye kuti umodzi mwa 100. Mpata wotola yoyera kawiri ndi 9 kuchulukitsa 9, ndiye kuti 81 mwa 100. Otsala 18 mwa 100 ndi otola yoyera ndi yofiira.

Motero mwa ana 1,000 obadwa m'dera lotero, pafupifupi 810 adzakhala AA, 180 adzakhala AS, ndipo 10 adzakhala SS. Hardy ndi Weinberg adaonetsanso kuti ngati magulu onse atatu akukula ndi kubereka mofanana, ziwerengerozi zidzakhala chimodzimodzi m'badwo ndi m'badwo. Mbewu sichuluka kapena kuchepa yokha popanda chochititsa.

Pali chinthu china chofunika kuchiona m'ziwerengerozi. Ana 10 odwalawo ali ndi mbewu za S ziwiriziwiri, zonse pamodzi 20. Ana 180 a AS ali ndi imodziimodzi, zonse pamodzi 180. Ndiye kuti mwa mbewu za S zokwana 200, zimene zili mwa odwala ndi 20 zokha, pamene 9 mwa 10 zilizonse zabisala mwa anthu athanzi.

Kusankha kwa chilengedwe

M'chaka cha 1859 Charles Darwin adafotokoza kuti zamoyo zimene zili ndi chibadwa choyenerana ndi malo awo zimapulumuka ndi kubereka kwambiri kuposa zinzake, ndipo mwa njira imeneyi chibadwa chothandiza chimachuluka pamene chovulaza chimachepa. Kumeneku ndiko kumatchedwa kusankha kwa chilengedwe. Darwin sadathe kunena kuti kusinthako kumayenda mwa liwiro lotani. Amene adaika ganizoli m'masamu, pakati pa 1918 ndi 1932, adali R. A. Fisher ndi J. B. S. Haldane a ku Britain, ndi Sewall Wright wa ku America. Njira yawo idali yowerenga kuti pa gulu lililonse ndi angati amakula ndi kubereka, kenaka n'kuwerenganso nyemba zotsala m'lichero.

Njirayo ikayesedwa pa ana 1,000 aja, poganiza kuti ndi nthawi yakale yopanda chithandizo pamene a SS onse ankamwalira ali ana, zotsatira zake ndi izi. Okula ndi 810 a AA ndi 180 a AS, onse pamodzi 990. Anthu 990 ali ndi mbewu 1,980, ndipo za S ndi 180. Pogawa, S yatsika kuchoka pa imodzi mwa 10 kufika pa imodzi mwa 11. M'badwo wotsatira idzafika pa imodzi mwa 12, kenaka imodzi mwa 13, ndipo idzapitirira kutsika chomwecho. Masamu akunena poyera kuti mbewu yopha ana iyenera kumachepa.

Koma zimene madotolo adapeza poyeza magazi a anthu zidali zosiyana. M'madera ena a kum'mawa kwa Africa, anthu 20 mpaka 40 mwa 100 aliwonse adali AS. Mbewu yovulaza chotero sikadafika pamenepo popanda chinthu china choikweza. Apa masamu adagwira ntchito yaikulu: adaonetsa kuti pali chinachake chimene sichinawerengedwe, ndipo adalimbikitsa akatswiri kuchifunafuna.

Malungo ndiwo adali chosowacho

Fisher adali ataonetsa kale m'chaka cha 1922 kuti mbewu ziwiri zikhoza kukhalira limodzi mpaka kalekale ngati munthu wokhala ndi zonse ziwiri amapulumuka kuposa magulu ena awiriwo. M'chaka cha 1946 Beet adaona ku Balovale, kumene lero kumatchedwa Zambezi, kuti anthu okhala ndi maselo opindika sankapezeka kawirikawiri ndi tizilombo ta malungo poyerekeza ndi anzawo. M'chaka cha 1949 Haldane adaganiza kuti matenda ena a magazi otchedwa thalassaemia, ofala m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, adachuluka chifukwa mbewu yake imateteza ku malungo.

Umboni wokwanira wa sickle cell adaubweretsa Anthony Allison, dotolo amene adakulira ku Kenya. Iye adayeza magazi a anthu ambiri ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo m'chaka cha 1954 adasindikiza zimene adapeza. Anthu a AS adali ochuluka m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene malungo ndi ambiri, koma adali ochepa kwambiri kumapiri kozizira kumene udzudzu suswana. Adapezanso kuti ana a AS adali ndi tizilombo ta malungo tochepa m'magazi mwawo. Kafukufuku wina wochitika ku Kilifi m'dziko la Kenya, wosindikizidwa m'chaka cha 2005, adaonetsa kuti AS imachepetsa malungo wamba ndi theka, ndipo malungo oopsa imawachepetsa ndi magawo pafupifupi 9 mwa 10. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti selo la munthu wa AS likalowedwa ndi kachilombo ka malungo limapindika msanga, ndipo kapamba amalichotsa m'magazi kachilomboko kasanaswane.

Tsopano masamu aja abwerezedwe, malungo atawerengedwa. Ziwerengero izi ndi za chitsanzo chabe, zosankhidwa kuti kawerengedwe kaoneke bwino. Mwa ana 810 a AA, malungo atenge mmodzi mwa 9 aliwonse, imfa zimene ana a AS akuzipewa. Omwalira ndi 90, otsala ndi 720. Ana 180 a AS akula onse, ndipo 10 a SS amwalira ndi matenda awo. Okula onse pamodzi ndi 900, mbewu zawo ndi 1,800, ndipo za S ndi 180. Pogawa, S ili pa imodzi mwa 10, pomwe idali poyamba paja. M'badwo wotsatira mudzabadwanso 810, 180 ndi 10.

Apa ndiye pagona yankho. Sickle cell yachotsa mbewu za S zokwana 20, koma malungo achotsa mbewu za A zokwana 180, ndipo zotsala m'lichero zasunga muyeso wake wakale. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri. S ikachuluka kupitirira muyeso, anthu a AS amakumana kawirikawiri m'maukwati, ana a SS amachuluka, ndipo S imatsika. S ikachepa, ana a SS amasowa, chitetezo cha AS ku malungo chimapambana, ndipo S imakwera. Pamene sikeloyo imaimapo pamadalira mphamvu ya malungo: kumene amapha ana ambiri imaima pamwamba, kumene kulibe malungo S imatsikiratsikira.

Masamuwa angathenso kuwerengedwa chobwerera. M'chitsanzo chija, 180 mwa akuluakulu 900 ndi AS, ndiye kuti mmodzi mwa 5. Katswiri akapeza dera limene mmodzi mwa akuluakulu 5 aliwonse ndi AS, angathe kuyerekeza kuchuluka kwa ana amene malungo ankapha m'deralo pa mibadwo yambiri yapitayo, ngakhale padalibe wolemba m'kaundula. Kuchuluka kwa S mu mtundu wa anthu ndi chipsera chimene malungo adasiya. Mbewuyi imapezekanso ku India, ku Arabia ndi m'madera ena a Greece ndi Italy, konseko kumene malungo adali ofala.

Zimene masamu akunena za m'tsogolo

Funso lina n'lakuti, malungo atatheratu lero, kodi sickle cell ingathe liti? Kawerengedwe koyamba kaja kakuyankha. Kuchoka pa imodzi mwa 10 kufika pa imodzi mwa 20 pafunika mibadwo 10, ndiye kuti zaka pafupifupi 250 ngati m'badwo uli zaka 25. Kufika pa imodzi mwa 100 pafunika mibadwo 90, zaka zoposa 2,000. Kutsikako n'kochedwa chifukwa mbewu zambiri za S zili mwa anthu athanzi, kumene kusankha kwa chilengedwe sikuziona. N'chifukwa chake mbewuyi ikadalipo pakati pa zidzukulu za anthu amene adatengedwa ukapolo kupita ku America: ku United States, kumene malungo adathetsedwa cha m'ma 1950, mwana mmodzi mwa ana akuda 13 aliwonse amabadwa ali AS.

Mfundo ziwiri zikutuluka pamenepa. Yoyamba, kusala odwala kapena kuwaletsa ukwati sikungathetse matendawa, pakuti 9 mwa mbewu 10 zilizonse sizili mwa iwo. Munthu wa SS akakwatirana ndi wa AA, ana awo onse amakhala AS ndipo palibe wodwala. Yachiwiri, ana a sickle cell adzapitirira kubadwa ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi kwina kulikonse kumene malungo adakhalitsa, kwa mibadwo yambiri ikudzayi. Choncho nzeru ndi kuwazindikira msanga ndi kuwasamala bwino.

Fanizo la lichero limaganiza kuti anthu amakwatirana mosayang'ana chibale. Kumene achibale, monga asuwani, amakwatirana, mpata woti onse awiri adalandira S kwa gogo mmodzi umakula. Mabanja otere, makamaka ngati kumtundu kudabadwapo mwana wa matendawa, ali ndi chifukwa chachikulu choyezetsera magazi.

Zoyenera kuchita makolo

Masiku ano mwana wa SS akasamalidwa bwino amakula, kuphunzira ndi kukhala ndi banja lake. Kafukufuku wa m'chaka cha 1986 adaonetsa kuti penisilini womwa tsiku ndi tsiku amateteza kwambiri ana aang'ono a matendawa ku tizilombo toyambitsa chibayo. Katemera wa chibayo adayamba kuperekedwa kwa ana ku Malawi m'chaka cha 2011, ndipo katemera wa malungo m'maboma ena m'chaka cha 2019. Mankhwala a hydroxyurea adayesedwa pa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa m'chaka cha 2019, zidaonetsa kuti amachepetsa ululu, kufunika koonjezera magazi, ndiponso imfa. Makolo ayenera kukumbukira zinthu izi:

1. Mwana wotupa zala, wodwaladwala, wochepa magazi kawirikawiri kapena wa maso achikasu apite naye kuchipatala ndi kupempha kuti ayezedwe sickle cell. Abale ake ayezedwenso.

2. Mwana wa SS alibe chitetezo ku malungo chimene wa AS ali nacho. Kwa iye malungo ndi oopsa koposa. Azigona m'masikito usiku uliwonse ndi kumwa mankhwala oteteza monga achipatala alangizira.

3. Thupi likangotentha apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri.

4. Azimwa madzi ambiri, azifunda bwino nyengo yozizira, ndipo asasambe madzi ozizira kwambiri, pakuti ludzu ndi kuzizira zimapinditsa maselo.

5. Alandire katemera yense wa kusikelo, ndipo asadumphe masiku oonana ndi adotolo ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

6. Kupuma movutikira, kuyera kwambiri m'zikhatho, kutupa mimba mwadzidzidzi, kapena kufooka kwa dzanja kapena mwendo ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

7. Matendawa sadza chifukwa cha ufiti kapena kulakwira mwambo, ndipo sapatsirana podyera limodzi. Kutema mphini pamalo otupa kumangotayitsa magazi amene ndi ochepa kale ndi kulowetsa tizilombo.

Munthu wa AS nayenso asadzinamize kuti malungo sangamugwire. Chitetezo chake ndi cha mbali chabe, ndipo masikito amamufunika monga wina aliyense. Achinyamata okonzekera ukwati angachite bwino kufunsa kuchipatala kumene angayezetse magazi, kuti adziwe ngati ali AA, AS kapena SS asanamange banja. Onse awiri akapezeka AS, achipatala adzawafotokozera za mpata uja wa umodzi mwa 4, ndipo chosankha n'chawo. Akasankha kukwatirana, aziyezetsa mwana aliyense akangobadwa, kuti wopezeka ndi matendawa ayambe chithandizo zizindikiro zisanaoneke.